Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi

Anthu a ku Livingstone mchenga amaudziwa bwino. Tauni yawo inamangidwa pa chitunda cha mchenga mu 1905, anthu atathawa malungo a ku Old Drift, ndipo ukachoka pa Mukuni Park n'kusiya msewu wa phula, phazi limayamba kutitimira. Mumchenga sizophweka kupitirira mnzako. Nonse miyendo ikulemera chimodzimodzi, choncho amene watsogola watsogoleratu. N'chifukwa chake akulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amauza mlimi wozengereza kudzala mvula yoyamba itagwa, kapenanso mwana wojomba kusukulu amene akuti anzake adzawapeza kutsogolo.

Wofuna kuuona ndi maso mwambiwu apite ku Borrowdale Park ku Harare nthawi ya masika, cha mu Meyi, pamene mabanja amakaonerera mpikisano wa mahatchi wa Castle Tankard, womwe unayamba mu 1960. Bwalolo ndi la kapinga, koma zimenezo tizisiye. Ana amatengeka ndi malaya amawangamawanga a okwera pamahatchi, bambo maso ali pa tikiti ya ndalama zomwe abetcha, mayi akuwerengera yobwererera kunyumba. Ochepa ndiwo amasamala zochitika liwiro lisanayambe. Hatchi iliyonse imalowetsedwa m'kachipinda kake, ndipo zitseko zonse zimatseguka nthawi imodzi. Si zokhazo. Hatchi yodziwika ndi liwiro amaisenzetsa katundu wolemererapo, tizidutswa ta mtovu toikidwa pansi pa chishalo, kuti pa mtunda wa mamita 2,000 inzake yofookerapo nayo ikhale ndi mwayi. Ndiye kuti kuyambira limodzi sikuchitika kokha, pali anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo.

Ine ndimaona kuti mwambiwu timaulozetsa mbali imodzi yokha. Timakalipira wochedwa, osafunsa kuti chitseko chake anagwira ndani.

Mu Harare momwemo muli zidzukulu za Amalawi amene anapita ku Southern Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko: ku Zimbabwe ankatchedwa alendo, pamene ku Malawi ena sanapondeko chibadwire. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe, koma chilonda sichinapole pomwepo. Kholo lopanda chitupa limavutika kutengera mwana kalata yakubadwa, ndipo mwana wopanda kalatayo amapeza mavuto polembetsa mayeso a Giredi 7. Mwana wotere sanazengereze, sanajombe. Anzake akamayesa yunifolomu ya ku sekondale, iye amakhala ali pamzere ndi agogo ake ku ofesi ya kalembera, kufunafuna mboni yoti inene kumene mayi ake anabadwira.