Kumvera Kapena Kumvana: Chithandizo cha Mwana Wosiyana ndi Anzake

Mneni "kumva" uli ndi nthambi ziwiri zimene zimaoneka zapachibale koma zimaloza kosiyana. Pa tsinde lake pakalowa -er- pamabadwa "kumvera", mawu ofuna kuti mmodzi alankhule ndipo winayo agonje. Pakalowa -an- pamabadwa "kumvana", mawu amene sangaime popanda anthu awiri. Pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona funso la chithandizo cha ana ankhawa ndi ana amene ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana ndi wa anzawo, monga a autism ndi ADHD. Kodi chithandizocho chimafuna kuti mwana amvere, kapena kuti iye ndi omulera amvane?

Kwa zaka zambiri akatswiri ankatsata yankho loyambalo. Mu 1943 Leo Kanner, dokotala wa ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, anafotokoza za ana 11 amene ankakonda kukhala paokha ndiponso kukwiya zinthu zikasinthidwa. Posakhalitsa mlandu unagwera makolo, makamaka amayi, ndipo Bruno Bettelheim, m'buku lake la 1967 lotchedwa The Empty Fortress, anaphunzitsa kuti vutolo limayamba ndi kuuma mtima kwa wolera. Ganizoli linatayidwa kafukufuku wa mapasa ataonetsa kuti chibadwa chili ndi gawo lalikulu. Mu 1987 Ivar Lovaas wa ku Los Angeles analengeza za njira yophunzitsa mwana maola 40 pa sabata, ndipo muyeso wa kupambana unali woti mwanayo asasiyanenso ndi anzake m'kalasi.

Muyeso wotere uli ndi vuto, pakuti chimene chimatchedwa khalidwe labwino chimasiyana malo ndi malo. Mwana wosayang'ana munthu m'maso amadetsa nkhawa ku Baltimore, pamene ku Dedza kapena ku Chipata mwana wozolika pamaso pa wamkulu amatamandidwa kuti ndi waulemu. Akuluakulu ambiri a autism akhala akunena kuti kubisa chibadwa chawo tsiku ndi tsiku kuti asangalatse ena kumawatopetsa kwambiri. Mu 2012 Damian Milton wa ku Britain, amenenso ali ndi autism, anafotokoza kuti kusamvana kumachokera mbali zonse ziwiri: mwana amalephera kuwerenga nkhope ya mphunzitsi, mphunzitsinso amalephera kuwerenga ya mwana. Ngati zili choncho, si chilungamo kuti katundu yense wa kusintha asenzedwe ndi wamng'ono yekha.

Komabe wina angatsutse kuti kumvana kungasanduke kulekerera, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Mwana amene amadzigunditsa mutu kukhoma chifukwa sangathe kupempha madzi afunika kuphunzitsidwa njira yopemphera, kaya ndi mawu, zithunzi kapena zizindikiro za manja. Kumusiya chomwecho m'dzina la kulemekeza chibadwa chake ndi nkhanza. Mwana wankhawa naye ali chimodzimodzi. Kholo lachifundo limamuyankhira alendo akamufunsa, limagona naye usiku uliwonse, limamulola kujomba kusukulu. Manthawo amazirala lero, koma mawa amadzuka atakula, chifukwa mwanayo waphunzira kuti payekha sangathe.

Eli Lebowitz wa ku Yale anakonza njira yotchedwa SPACE, imene katswiri amakumana ndi makolo okha, osati mwana. Kafukufuku wa ana 124 amene anasindikizidwa mu 2020 anapeza kuti njirayi inachepetsa nkhawa za ana mofanana ndi uphungu woperekedwa kwa mwana mwini wake. Makolo amaphunzira kuchepetsa kutchingirako pang'onopang'ono, ndi kuuza mwana zinthu ziwiri pamodzi: kuti mantha ake ndi enieni, ndiponso kuti iwo akukhulupirira kuti angathe kuwapirira. Apa wamkulu ndiye amayamba kusintha, ndipo mwana amatsatira popanda kukakamizidwa.

M'chinenero chomwechi mulinso chenjezo. Mayina onga "chitsiru" ndi "chidzete" amachotsa mwana m'gulu la mu- ndi a-, mmene muli munthu ndi mwana, n'kumuika m'gulu la chi- ndi zi-, mmene muli chitseko ndi chipande. Mawu oti "analodzedwa" amatumiza banja kukasaka mfiti m'malo moyang'anitsitsa mwanayo. Chithandizo chimene sichifika kwa agogo, atsibweni ndi aphunzitsi, amene amatchula mayinawa, chimathera pakhomo la chipatala.

Choncho muyeso wa chithandizo chabwino ndi uwu: kodi mwanayo akuvutika mocheperapo, ndipo kodi omuzungulira aphunzira kumumva? Mwana angathe kukhala chete m'kalasi chaka chonse koma akuphulika m'kati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako ndi ntchito ya woyang'anayo.