Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto

Ukafika mwezi wa Seputembala, tchire la m'chigwa cha Lilongwe limakhala litauma gwaa. Anyamata osaka mbewa akangoponya kamoto m'mbali mwa munda, mphepo imamaliza zotsalazo. Moto umathamanga ndi tsekera, kulumpha njira, kuwaula masamba a misuku, uku akabawi akuzungulira pamwamba pa utsi kudikira ziwala zothawa. Wothimitsa ndi nthambi amangodzitopetsa. Koma ukangotsetserekera kudambo, liwiro lonse lija limatha. Udzu wa kumeneko ngwauwisi, dothi lake lakuda likadali lonyowa ngakhale mvula inasiya mu Epulo. Moto umalilima pang'ono, kufuka utsi woyera, n'kuzilala. M'mawa kukacha pamaoneka mzere: uku lupsa lakuda bii, uku msipu, ng'ombe zikudya ngati usiku sikunachitike kanthu.

Amene anapeka mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto anaima pa mzere umenewu. Moto ndi mkangano, mkwiyo, mlandu wa nkhuku umene ukukula kusanduka udani wa mitundu iwiri. Dambo ndi gogo, malume, nkhoswe, namkungwi, nyakwawa, aliyense amene nkhani yotentha ikafika pakhomo pake imachokapo itazizira. Mwambiwu umanenedwa kawirikawiri polangiza achinyamata kuti zikawathina asadzidalire, apite nazo kwa akulu. Koma umamveka kwambiri pa maliro, pamene dambo limodzi lauma ndipo anthu ayamba kuwerenga moto umene unkazimira pamenepo.

Choyamba kuona n'chakuti dambo silimenyana ndi moto. Silithamangira kukauchingamira, silikuwa. Limangokhala pamalo pake, lotsika, lonyowa, moto n'kudzipeza wokha kuti wasowa chodya. Chinyezi chakecho n'cha mvula ya miyezi yapita, imene inalowa pansi pang'onopang'ono ndipo ikutuluka pamene kwina konse kwauma. Akatswiri a za nthaka a m'maiko ena atafika kuno anasowa mawu awoawo a malo otere, mpaka m'mabuku awo a sayansi amangolemba kuti dambo, monga timanenera ife. Wopeka mwambi uja mabuku analibe, komatu anadziwa kuti mphamvu ya dambo ndi madzi osungidwa, ndipo ya munthu wamkulu ndi zaka zimene waona zinthu zikuyamba, zikukula ndi kutha.

Tsopano taonani mmene mudzi umatsanzikirana ndi munthu wotere. Pamsewu aika masamba, oyendetsa galimoto achepetsa liwiro, okwera njinga atsika n'kumakankha. Adzukulu analawirira kumanda mbandakucha ndi makasu. Amayi a mvano kapena a chigwirizano ali m'nyumba ya siwa, mawu atasasa ndi nyimbo za usiku wonse. Nthawi ya zolankhula ikakwana, amfumu alonjera anthu, wina awerenga chipepeso, mudzi wakuti ndalama zakuti, mpingo wakuti ufa ndi nkhuni. Kenaka aimirira mdzukulu kapena mphwake wa malemu, pepala long'ambidwa m'kope likunjenjemera m'manja, kuti awerenge mbiri.

Mbiri ya malemu ili ndi njira yake imene siisintha. Anabadwa chaka chakuti, ndipo chakacho nthawi zambiri n'chongoyerekeza, popeza mwiniwake ankati anabadwa chaka cha dzombe kapena anali atayamba kuweta mbuzi pa njala ya 49. Sukulu analekezera kalasi yakuti. Anabatizidwa, anakwatira, anabereka ana khumi, amoyo ndi anayi. Adzukulu 31, zidzukulutudzi 12. Anadwala nthawi yaitali, anayesa zipatala, Mulungu wawakonda koposa. Mphindi zisanu zatha, zaka makumi asanu ndi atatu zapindidwa m'pepala limodzi.

Palibe bodza m'pepalamo. Chimene mulibe ndi ntchito yeniyeni imene munthuyo ankagwira pamudzi, ndipo woiwalayo sitingamudzudzule, chifukwa moto wozimitsidwa susiya choloza. Nyumba yapsa aliyense amaiona, amakumbukira ngakhale tsiku lake. Nyumba imene ikadapsa koma sinapse imangooneka ngati nyumba zina zonse. Banja limene linatsala pang'ono kutha zaka makumi awiri zapitazo lero lakhala pansi pa mtengo pamaliro pomwepo, mwamuna mbali ya amuna, mkazi mbali ya amayi, ana awo akutunga madzi. Ndani angaimirire n'kunena kuti ana awa alipo chifukwa cha gogo agonawa? Eniake sangayerekeze, ndipo gogoyo anapita nacho chinsinsi chawo.

Amene anakulira pamudzi akudziwa mmene zinkachitikira. Mkazi amafika kukadali chisisira, mwana kumsana, kathumba ka zovala pamutu, akuti kubanja kuja sabwererako ngakhale atamumanga. Gogo safunsa kanthu. Amayala mkeka, kusonkha moto, kutereka phala. "Yambani mwadya, mayi, nkhani sithawa." Mkaziyo amalankhula, kulira, kulankhulanso, gogo akungotokosa moto n'kumavomera pakhosi. Satsutsa, sagwirizana nazo. Dzuwa likakwera amatuma kamwana kukaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mwamuna akafika ndi mkwiyo wake nayenso amapatsidwa mpando ndi moni wautali, wofunsa za amayi ake, za chimanga, za mwendo umene unkamuvuta. Pofika pa nkhani yeniyeni, theka la ukali latha kale. Kuchedwetsa kumeneku achinyamata amakuona ngati kutaya nthawi, chonsecho ndiye mankhwala ake.

Pa milandu ya malire zinkayenda chimodzimodzi. Anthu awiri atolerana makasu chifukwa cha mizere itatu, mkulu wina n'kubwera ndi ndodo yake, kuloza chitsa cha nkhadze chimene onse anali atachiiwala, n'kufotokoza kuti anadzala ndani, chaka chiti, pali ndani. Nkhani imathera pomwepo, popeza palibe wina amene analipo tsikulo.

Mbadwo umene ukuikidwa m'manda masiku anowu chinyezi chake unachitenga movutikira. Obadwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 anaona njala ya 1949 ali ana, makamaka a kuchigawo cha kummwera, ndipo moyo wawo wonse sankataya mkute. Anaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikubwera mu 1953 n'kutha mu 1963, mbendera yatsopano ikukwera mu 1964. Amuna ambiri anakwera ndege ya Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, mpaka boma linaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Akazi awo anatsala akulima okha, kulera okha. Onsewa anaphunzira kusunga pakamwa pa nthawi imene khadi la chipani linkafunsidwa polowa mumsika ndi pokwera basi, ndipo mu Juni 1993 anakaima pamzere kusankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi.

Koma moto waukulu umene unazimira mwa iwo ndi wa Edzi. Mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, midzi inkaika anthu a zaka za m'ma 30 sabata ndi sabata. Agogo amene ankayembekezera kupuma anaika ana awo, n'kubwerera kumanda ndi adzukulu anayi, asanu, ena oyamwa. Anagwiranso khasu, kuchita maganyu, kuphika mowa kapena zitumbuwa kuti apeze yunifolomu ndi makope. Aphunzitsi, anamwino, asilikali ndi madalaivala ambiri a lero anakulira pa mkeka wa agogo. N'chifukwa chake pa maliro a gogo mumaona bambo wandevu akulira ngati khanda, osati chifukwa cha mwambo ayi. Amene wagona m'bokosiyo ndiye mayi yekhayo amene anamudziwa.

Anthu oterewa ndi ochepa kuposa mmene timaganizira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, pafupifupi theka la iwo osakwana zaka 18. A zaka 65 kupita m'tsogolo anali pafupifupi anayi okha pa anthu 100 alionse. Tchire ndi lalikulu, madambo ndi owerengeka, ndipo mliri wa Covid-19, umene unkakonda kutenga okalamba, utavuta kumayambiriro kwa 2021 ambiri anaikidwa mothamanga, anthu ochepa, popanda kugona pasiwa. Ngakhale pepala la mphindi zisanu lija ena sanawerengeredwe.

Tisanamizane, si mutu wa imvi uliwonse umene uli dambo. Alipo akuluakulu osonkhezera moto: apongozi olowerera banja la ana mpaka kulipasula, amalume ogulitsa munda wa ana amasiye, amfumu oweruza moyang'ana nkhuku yabwera ndi ndani. Alipo amene ankazimitsa moto pophimba zoipa, kubwezera mkazi kwa mwamuna womumenya ndi mawu akuti banja ndi kupirira, kapena kutseka pakamwa kamtsikana kogwiriridwa kuti mtundu usachite manyazi. Moto wotere sunazime, unangolowa pansi ngati wa m'gaga. Achinyamata akamayankha kuti tsabola wakale sawawa, nthawi zina amakhala akunena za akulu amenewa, ndipo pali nkhani zimene malo ake ndi kupolisi ndi kukhoti, osati pamkeka. Pa maliro zonsezi sizitchulidwa. Wakufa aliyense anali wabwino, wokonda anthu, wodzichepetsa. Komabe anthu amadziwa kusiyanitsa, ndipo kusiyanako kumaoneka pa kuchuluka kwa amene agona panja usiku wachiwiri.

Chopweteka kwambiri ndi pamene moto watembenukira dambo lenilenilo. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, mphenzi inapha mtsikana, ndipo anthu anagwira okalamba anayi a m'mudzi momwemo n'kuwapha powaganizira ufiti. Nkhani zotere zamvekanso m'maboma ena chaka ndi chaka, ndipo bungwe la MANEPO, lomenyera ufulu wa achikulire, lakhala likudandaula nazo. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma gulu likakwiya silifunsa lamulo. Kale pa gulu lotero pankatuluka mkulu mmodzi, kukweza dzanja, anthu n'kumwazika. Nanga ngati amene akanakweza dzanjayo ndiye wagwidwa?

Madambo enieniwo nawonso akuphwa. Ena asanduka madimba a tomato ndi kabichi chaka chonse, ena akumbidwa ndi oumba njerwa, ena m'mphepete mwa mizinda agawidwa mapuloti. Moto wa Seputembala ukafika pamalo potere umangodutsa. Za anthu zikufanana nazo. Ana ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg, ndipo mkangano wa pabanja umayamba pa WhatsApp usiku, pofika m'mawa wafika kwa achibale makumi atatu popanda woyala mkeka kapena wotereka phala. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti ndi mabwalo oweruza nkhani za minda, komanso njira yolembetsa malo. N'zothandiza. Koma komiti nayo ikafika pa mizere itatu ija imafunsa kuti mkulu wa pamudzi pano ndani, ndipo kawirikawiri yankho limakhala lakuti tinaika chaka chatha.

Mbiri yeniyeni ya malemu imanenedwa usiku, osati pa chimkuzamawu. Amuna azungulira chikuni panja, zikhoto zili m'mapewa, tiyi wopanda mkaka akuyenda m'makapu apulasitiki. Wina ayamba ndi nthabwala ya mmene malemu ankatukwanira mbuzi za eni, anthu aseka chapansipansi. Wina akumbuka tsiku limene anam'bisa m'nkhokwe pothawa okhometsa msonkho. Kenaka wina, amene samalankhulalankhula, anena motsitsa kuti pakadapanda mkulu ameneyu iye ndi mchimwene wake akadaphana chifukwa cha ng'ombe za bambo awo. Mchimwene wakeyo ali pomwepo, tsidya la moto, akuyang'ana pansi. Kukhitchini nako amayi akusenda nyemba n'kumauzana zawo, za amene anawagwira dzanja pa uchembere woyamba, za amene anawaphunzitsa kusunga mbewu mu phulusa. Palibe amene akulemba. Adzukulu amene akadamva ali pakona, nkhope zikuwala ndi mafoni.

Pakatha masiku amameta, kugawa zovala ndi ziwiya, alendo n'kubwerera. Kumene mwambo wa Achewa ukadali wolimba, chaka chikatha amafulula mowa wa bona ndipo gule amatuluka kudambwe kudzatsazika mzimu. Ena amasonkha ndalama ya simenti, kuitana abusa, kuvundukula chiliza. Pachilizapo amalembapo dzina, chaka chobadwa chongoyerekeza chija, chaka chomwalira ndi vesi limodzi. Nthawi zambiri pa tsiku lomwelo, nsima itadyedwa, m'pamene wina amafunsa kuti munda wa kudimba uja tsopano alima ndani. Mawu amayamba kukwera, amayi amasiya kutsuka mbale, ndipo anthu angapo amatembenukira kukhonde kumene malemu ankakonda kukhala, pamene tsopano pali mtondo wovundikira ndi nkhuku ikufukula.