Nkhani ya kubanki ija mumaiyambira pakati

Adzukulu anga, dzulo ndinakumvani pakhonde kuno ku Daveyton mukutsutsana za Charlize Theron. Mumati poti nayenso ndi mwana wa ku Benoni konkuno, inunso mudzangokwera ndege pa OR Tambo n'kukatchuka ku America. Sindikukuletsani ayi. Koma khalani pansi kaye.

Mbali imene mumaikonda ndi ya mu 1994 ija. Mtsikana ali m'banki ku Hollywood Boulevard, cheke chili m'manja, wapakauntala akukana kumupatsa ndalama. Iye anakalipa mpaka anthu kutembenuka, ndipo bambo wina pamzerepo, John Crosby, amene ntchito yake inali kupezera malo anthu a zisudzo, anamupatsa khadi lake. Inu mumati mwayi. Inde ndi mwayi, nanga pamzerepo anafikapo bwanji?

Anabadwa mu 1975, n'kukulira papulazi kunja kwa Benoni, chiyankhulo chake chili Chiafrikaans. Gule wa ballet anayamba ali kamwana, ndipo ali ndi zaka 13 anapita kukagonera ku National School of the Arts ku Johannesburg. Mu 1991 bambo ake anabwera kunyumba ataledzera n'kuyamba kuombera mfuti. Mayi ake anawaombera, bambowo n'kumwalira, ndipo aboma anagamula kuti mayiwo ankadziteteza. Mwanayo anali ndi zaka 15. Pasanapite nthawi anali ku Milan akuonetsa zovala, kenaka ku New York pa Joffrey Ballet School. Kumeneko bondo linavulala, gule wa zaka zonsezo n'kuthera pomwepo.

Tsono atalandira khadi lija mukuganiza kuti kunacha? Mufilimu yake yoyamba, Children of the Corn III ya 1995, sanayankhule liwu ndi limodzi lomwe. Kayankhulidwe ka kuno kankamutsekera zitseko, choncho ankakhala pa TV akutsanzira Chingerezi cha Amereka mpaka lilime linawongoka. Pofika pa filimu ya Monster mu 2003, mkazi amene ankadya ndi nkhope yake anavomera kunenepa ndi makilogalamu pafupifupi 14, kumeta nsidze ndi kuvala mano oyikirira, kuti afanane ndi Aileen Wuornos, mayi amene anapha amuna angapo ku Florida. Mphoto ya Oscar inabwera mu 2004. Werengani nokha: zaka khumi chichokereni m'banki muja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinenenso chimene ena angachite nacho manyazi. Iye anali mzungu, ndipo tikiti ya ku Los Angeles anamugulira ndi mayi ake. Inu ndinu ana a anthu obwera, ena mwa inu mapepala akadali m'njira. Phiri lanu ndi lalitali kuposa lake, ndiye musayambe kulikwera mutavala mapatapata.

Sukulu mumalize, matric ikhale m'thumba, chifukwa bondo silitsanzika likafuna kuthyoka. Munthu wa pa Facebook amene akuti mumutumizire ndalama kuti akuikeni mufilimu, mutayeni. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa woyesedwa. Ndipo Chichewa chanu musachitaye pothamangira kuyankhula ngati a pa TV. Pamene Chiwetel Ejiofor ankajambula The Boy Who Harnessed the Wind ku Kasungu, iyeyo ndiye anachita kuphunzira chiyankhulo chathu.

Sewero la achinyamata kutchalitchi kuja akuyeserera Loweruka masana. Pitani, ngakhale akupatseni mbali ya mlonda wosayankhula. Ine ndidzakhala pabenchi yakutsogolo.