MLANDU WA MLONDA WOKHALA CETE

Mau olangiza akristu ndi aphunzitsi a kwa Malemia ndi a m'cigwa conse ca Domasi

Mtsinje wa Domasi ucokera ku mapiri a Zomba ndi Malosa, nutsika kupyola midzi ya kwa Malemia kunka ku nyanja ya Chilwa. M'mawa muli monse ana ambiri amayenda m'mbali mwace: ena kunka kusukulu, ena kukatunga madzi, ena kukagulitsa nthoci pa Songani, ena kukaphunzira katekisimu. Makolo amawalola kupita popanda mantha, pakuti akhulupirira kuti kumene anawo apita kuli akulu owasamala, ndiwo mphunzitsi, mfumu, malume, wansembe ndi wapolisi. Ali yense wa akulu amenewa ndi mlonda, ndipo pa tsiku lomariza Mulungu adzamfunsa mafunso awiri: kodi mwana adaikidwa m'manja mwace uja adamsunga bwanji? Ndipo pamene adamva kuti wina wamuononga, adacitapo ciani?

Funso laciwirili ndilo limene anthu ambiri abwino saliganizira. Iwo amati: amene wagwirira mwana ndiye wocimwa, ena onse alibe kanthu. Nzoona kuti ucimo wa munthu wotereyo ndi woopsa. Ambuye Yesu, amene adakhululukira wakuba pa mtanda, adasungira wolakwitsa ana mau owawa koposa, nachula mwala wa mphero ndi nyanja yakuya. Koma Malembo Oyera aonetsanso mlandu wina, wa munthu amene adadziwa, anali ndi mphamvu yoletsa, koma adakhala cete.

Coipaci siciri kutali. Mu 2013 Boma lidafufuza za nkhanza zocitira ana m'Malawi, ndipo lidapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5, ndi mnyamata mmodzi mwa 7, adacitidwapo zonyansa asanakwane zaka 18. Mphunzitsi amene ali ndi atsikana 35 ndi anyamata 35 m'kalasi mwace awerenge yekha: pa muyeso umenewo ndi ana 12. Kawiri-kawiri wocita zimenezi sanali mlendo wa m'thengo, koma munthu amene mwanayo amdziwa. Ndipo ana amene adalandira cithandizo anali ocepa ndithu.

ELI NDI DAVIDE

M'Cipangano Cakale muli akulu awiri amene adagwa pa mlandu wa cete, wina wa ku nyumba ya Mulungu, wina wa ku nyumba ya mfumu.

Eli anali wansembe wamkulu ku Silo, nkhalamba yoopa Mulungu. Ana ace, Hofeni ndi Finehasi, ansembe naonso, ankalanda nyama ya nsembe, nagona ndi akazi otumikira pa khomo la malo oyera. Eli adazimva zonse. Adawadzudzula ndi mau ofewa, koma sadawacotse pa nchito. M'mawa mwace iwo anali pa guwa monga kale. Tsono Mulungu adatuma mau a cilango kwa Eli mwini, ndipo adawatuma pakamwa pa mwana, Samueli, amene ankaopa ngakhale kuwanena. Ana awiriwo adafa tsiku limodzi, Bokosi la Cipangano lidalandidwa ndi Afilisti, ndipo Eli adagwa pa mpando nathyoka khosi. Iye sadabe nyama, sadagone ndi mkazi ali yense. Mlandu wace unali wakuti adalemekeza ana ace koposa Mulungu.

Davide anali mfumu, mwini bwalo la milandu. Mwana wace Amnoni adanyenga mlongo wace Tamara, namgwirira, namtulutsa panja. Tamara sadabise: adadzola phulusa kumutu, nang'amba cobvala cace, nayenda akulira poyera. Mlongo wace Abisalomu adamtontholetsa, namuuza kuti nkhaniyo ndi ya m'banja. Davide atamva adapsa mtima kwambiri, koma sadaweruze mlandu. Tamara adakhala wosiyidwa m'nyumba ya mlongo wace. Zitapita zaka 2 Abisalomu adapha Amnoni, ndipo pambuyo pace adaukira atate ace, nkhondo nilowa m'dziko. Mlandu wokwiriridwa suola pansi, umamera.

EKLEZIA ABVOMERA KULAKWA KWA ANA ACE

Mkristu sangathe kuloza Boma cala asanayang'ane m'nyumba mwace. M'maiko ambiri, monga ku Ireland, ku America, ku Chile, ku Australia ndi ku France, zidadziwika poyera kuti ansembe ena ndi anthu ena a nchito za Eklezia adaononga ana, ndi kuti akulu ao ena adacita monga Eli: adadzudzula m'seri, nasamutsa wolakwayo kunka ku parishi ina, kumene adakapezanso ana ena. Iwo ankati ateteza mbiri ya Eklezia. Koma cimene adabisa cidaononga mbiriyo koposa.

Cifukwa cace malemu Apapa Francis adakhazikitsa bungwe loteteza ana mu 2014, ndipo mu February 2019 adaitanira ku Roma atsogoleri a aepiskopi a maiko onse. Mu May caka comweco adalemba lamulo lochedwa Vos estis lux mundi, limene adalilimbitsa mu 2023. Lamuloli likakamiza wansembe, mbulazala ndi sisitere ali yense kunena kwa akulu a Eklezia ngati adziwa za coipa cotere. Lilamula dayosizi iri yonse kukhala ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo. Liletsa kutseka pakamwa munthu wodandaula. Ndipo episkopi wobisa mlandu afufuzidwa iye mwini. Lamuloli silicotsa malamulo a Boma. Cotero mkristu amene akanena kwa Ambuye Episkopi, nakanenanso kupolisi, za munthu wa Eklezia amene waononga mwana, sadagulitse mpingo, wamvera mpingo.

BOMA NDI MALAMULO ACE

Boma nalonso ndi mlonda, ndipo lakonza malamulo abwino. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo losamala ndi kuteteza ana, limene lipatsa abale, osunga ana ndi anthu a m'mudzi udindo wodziwitsa apolisi kapena a ofesi yoona za umoyo wa anthu pamene mwana azunzidwa. Mu 2013, pamene Mai Joyce Banda, mwana wa kwa Malemia konkuno, anali Pulezidenti, padabwera lamulo loletsa miyambo yoononga akazi ndi atsikana. Mu 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo akulu a dziko adakonzedwa kuti ali yense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale makolo atabvomereza ukwati wace. Wogona ndi mwana angathe kulamulidwa kukhala m'ndende moyo wace wonse. Ndipo cikonzedwe ca 2023 cidateteza mnyamata mofanana ndi mtsikana.

Koma lamulo la pa pepala liri ngati mpanda wolembedwa pa dothi: fisi sauona. Lamulo likhala ndi mano pokha-pokha wolisunga akamafunsidwa pamene walephera. Dziko lino lidaona zimenezi pa mlandu wa ku Msundwe, m'boma la Lilongwe. Mu October 2019, pambuyo pa cipolowe cimene wapolisi wina adaphedwapo, akazi ndi atsikana a ku Msundwe, ku M'bwatalika ndi ku Mpingu adadandaula kuti apolisi ena adawagwirira ndi kuwacita zonyansa; ena mwa iwo anali ana. Bungwe loona za ufulu wa anthu lidafufuza nilitsimikiza. Bungwe la maloya a akazi lidatengera nkhaniyo ku Bwalo Lalikulu, ndipo mu August 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adagamula kuti akulu a polisi adalephera udindo wao, ndi kuti odandaula 18 apatsidwe cipepeso. Ciweruzo cimeneci sicinyoza apolisi ambiri ogwira nchito mokhulupirika. Ciphunzitsa kuti yunifolomu siiphimba mlandu, monganso mkanjo wa wansembe suuphimba.

Mafumu ali ndi citsanzo cao. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza, amene adagwira nchito zaka zambiri ku Zomba asanalowe ufumu, adathetsa maukwati mazana-mazana a ana nawabwezera kusukulu. Koma cimene cidalimbitsa nchito yao ndi ici: nyakwawa zolekerera maukwatiwo adaziimitsa pa ufumu kufikira zitakonza. Sadacite monga Davide.

MLANDU WA MBUZI

Cete woopsa koposa ali m'midzi. Mwana akaulula, mwini mbumba amaitana abale usiku, nati nkhaniyi isaturuke pakhomo. Ngati wolakwayo ndi mkamwini wodyetsa banja, amati: akamangidwa ana adzadya ciani? Ngati ndi wa kwina, amamlipitsa mbuzi kapena ndalama, akulu nadya, mlandu nutha. Mwanayo amakhala ndi bala lace, mwina ndi mimba, mwina ndi matenda, ndipo amaphunzira kuti mtengo wace ndi mbuzi imodzi. Wolakwayo naye amaphunzira kuti mtengo wa ucimo wace ndi mbuzi imodzi, ndipo amayamba kufuna mwana wina.

Mlandu wotere si wa pa bwalo la nyakwawa ai, kapena wa pa msonkhano wa akulu a mpingo. Mfumu, nkhoswe kapena mkulu wa mphakati amene aulandira kuti authetse m'seri watenga gawo la ucimowo. Makolo akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mau amenewa sasankha cipembedzo: kwa Malemia akristu a mipingo yosiyana ndi Asilamu amamwa mtsinje umodzi, ndipo mwana wa ali yense wa iwo ndi wa onse.

Ena amati: kodi Ambuye sadalamule kukhululuka? Adalamuladi. Maria Goretti Woyera, mtsikana wa zaka 11 wa ku Italy, adabayidwa mu 1902 ndi mnyamata wofuna kumgwirira, ndipo asanafe adamkhululukira. Komabe mnyamatayo adakhala m'ndende zaka 27, ndipo m'ndende momwemo ndimo adatembenukira mtima. Kukhululuka kucotsa cidani mu mtima; sikutsegula khola kuti fisi alowenso. Sakramenti la Kulapa lifafaniza ucimo pamaso pa Mulungu, koma wolapa zenizeni sathawa cilungamo. Ndipo aphunzitsi anene momveka kuti mwana wogwiriridwa alibe ucimo uli wonse, ngakhale sadakuwe, ngakhale adalandira sopo kapena ndalama. Manyazi onse ndi a wamkuluyo.

ALONDA OKHULUPIRIKA

Afrika ali ndi alonda ace amene sadakhale cete. Ku Uganda mfumu Mwanga inkafuna kucita zonyansa ndi anyamata otumikira ku nyumba yace. Joseph Mukasa, mkulu wa anyamatawo, ankawabisa, nadzudzula mfumu pamaso. Adaphedwa mu November 1885. Charles Lwanga adalowa m'malo mwace akudziwa bwino cimene cidaonekera mnzace, napitiriza kuteteza anawo, pakati pao Kizito wamng'ono uja. Adatenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886, ndipo mu 1964 Apapa Paul VI adawalemba m'gulu la Oyera. Iwowa sanali ansembe. Anali akristu wamba ophunzitsa anzao katekisimu. Analibe bwalo la milandu lothawirako, pakuti wolakwa anali mfumu yomwe. Mphunzitsi wa lero ali ndi lamulo la Boma ndi lamulo la Eklezia kumbuyo kwace. Adzadzikanira ndi ciani?

ZOYENERA KUCITA

Mwana akayamba kuulula, wamkulu amvere mofatsa, osamkalipira, osamfunsa pamaso pa wolakwayo, osamlonjeza kuti adzasunga cinsinsi. Amtengere kucipatala tsiku lomwelo, monga ca Domasi kapena cacikulu ca Zomba, pakuti mankhwala oletsa kacirombo ka HIV agwira nchito akayambidwa maola 72 asanathe. Akanene kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa a zosamalira ana a ku Boma. Wosowa ndalama ya ulendo angathe kuimba lamya pa 116 popanda kulipira. Bungwe la YONECO la ku Zomba komweko ndilo limayankha. Ngati wolakwayo ndi wa nchito ya Eklezia, Ambuye Episkopi adziwitsidwenso.

Ndipo kunena kamodzi sikukwana. Akulu a mphakati aperekeze banjalo, alembe tsiku limene adakanena ndi dzina la amene adawalandira, abwerere kukafunsa pamene mlandu wafika, kufikira utaweruzidwa. Mlandu ukazimirira, afunse kwa akulu a pamwamba, mwaulemu koma osatopa. Banja limene wolidyetsa wamangidwa alithandize ndi ufa, kuti njala isawabweze m'mbuyo. Dzina la mwanayo lisamveke pa citsime kapena pa msika. M'maparishi, maphunziro a ana acitike poyera, pali akulu oposa mmodzi; ndipo mphunzitsi wabwino sakwiya ndi lamulo limeneli, cifukwa limteteza iye yemwe.

Aphunzitsi awerenge mau awa m'masukulu ndi m'miphakati, nawafotokoze kwa makolo, kwa anamkungwi ndi kwa mafumu. Samueli anali mwana, ndipo Eli, ngakhale adalakwa zambiri, adamlola kunena zonse osabisa kanthu. Pamenepo pokha akulu a lero amtsanzire, koma asacedwe monga adacedwera iye.

Amai Maria, amene adathawitsira Mwana wao ku Ejipito, asunge ana a kwa Malemia. Charles Lwanga Woyera ndi anzace apemphere alonda onse, a mu Eklezia, a m'Boma ndi a m'midzi, kuti Mulungu awapatse makutu akumva ndi pakamwa ponena.