Malaiti Apita, Bwana

Mau akuti kukomboka amafuna geti. Anzathu a ku Malawi amati kuweruka, koma tanthauzo ndi limodzi: belu lalira, waika coko pansi, wasansa fumbi m'manja, watuluka. Kuyambira pamenepo nthawi ndi yako. Ngakhale ukhale ola lathunthu m'basi yothithikana pa Great East Road usanafike ku Kaunda Square, pa ola limenelo palibe amene akukutuma. Kusewenzera panyumba kunacotsa getilo, ndipo ambiri a ife tinaomba m'manja poyamba, cifukwa ndalama ya basi inatsala m'thumba. Walira mvula walira matope.

Ife aphunzitsi tinalawa moyo umenewu pamene masukulu anatsekedwa mu March 2020 cifukwa ca COVID-19, ndiponso kuciyambi kwa 2024, pamene kolera inacititsa kuti ana asabwerere m'kalasi mpaka pa 12 February. Pasukulu ya pulaiveti pamene ndimaphunzitsa, maphunziro anasamukira pa WhatsApp ndi Zoom. Matenda anatha, koma cizolowezi cinatsala. Lero lino uthenga wa a hedi umafika 22 koloko usiku, wofuna mamakisi a ana kapena pulani ya phunziro, ndipo timizere tiwiri ta buluu tikangoonekera, wina umatsatira: "Ndaona kuti mwawerenga."

Kenaka cilala ca 2024 cinapatsa anchito cida cimene sanacipemphe. Madzi atacepa ku Kariba, ZESCO inayamba kuzimitsa malaiti maola 8 patsiku mu March, ndipo pofika September anali maola 17, m'madera ena kuposa pamenepo. Mnzanga wina wa ku Stage 2, amene amalemba maakaunti a kampani ina ali m'cipinda cake cogona, anapeza pothawira. Bwana wake akamufuna usiku kapena pa Sondo, iye amazimitsa foni, ndipo m'mawa amalemba kuti, "Pepani bwana, malaiti anapita, foni inazima." Nthawi zambiri zimakhala zoona. Nthawi zina amalemba zimenezi firiji ikulira kumbuyo kwake. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Iwe wophunzira, kodi ndimacimwa?"

Funso limeneli si laling'ono monga mmene limamvekera. Immanuel Kant, m'nkhani imene analemba mu 1797, anakana bodza lililonse, ngakhale lonamiza cigawenga cimene cikufunsa kumene mnzako wabisala. Agogo athu sanali ouma mtima conco. M'nthano zao Kalulu amapulumuka kwa Mkango ndi Njovu mwa kunama, ndipo palibe mwana amene anagonapo akumvera Mkango cisoni. Nthanozo zimadziwa cinthu cimene Kant sanafune kuciwerengera: wamphamvu akakufunsa funso, iwe ndi iye simukhala pa mphasa imodzi. Iye akayankhidwa zosamukomera amangokwiya. Iwe ungataye ndalama ya lendi.

Ndiponso cimene mnzangayo amateteza si ulesi. Lamulo lathu la anchito, Employment Code Act ya 2019, limaika tsiku la nchito pa maola 8, ndipo maola opitirira 48 pa mlungu ayenera kulipiridwa mwapadera. Manambala amenewa si acilendo: bungwe la ILO linawalemba m'pangano lake loyamba mu 1919. Mu 2021, WHO ndi ILO anaulutsa kafukufuku woonetsa kuti kusewenza maola 55 kapena kuposa pa mlungu kunapha anthu pafupifupi 745,000 mu 2016, kupitira m'sitiroko ndi matenda a mtima. Conco bwana amene amatenga usiku wa munthu popanda kulipira akutenga cinthu cimene si cake. Ndimakumbukira liu lakuti thangata. Poyamba linali kutanthauza kuthandizana kwa anansi pa nchito ya kumunda, koma eni minda acizungu a ku Nyasaland analisandutsa nchito yokakamiza, imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Sindikuyerekezera uthenga wa pa foni ndi cikoti. Ndikungoona kuti mabwana athu naonso sanena kuti "ndikulamula." Amati, "Tithandizeniko cabe."

Ngakhale zili tero, bodza la malaiti limandivuta, ndipo cifukwa cake si ca Kant. Vuto lili pa zimene bodzalo limavomereza mwakacetecete. Ukanena kuti sunayankhe cifukwa foni inazima, ndiye kuti wavomera kuti foni ikanakhala yoyaka, unayenera kuyankha. Wapulumutsa usiku umodzi, koma wasainira kuti mausiku onse ndi a bwana, kupatulako okhao amene ZESCO yakubwereka. Mau oona ndi afupi kuposa bodzalo: "Ndinali nditakomboka." Mau amenewa amabweza geti pamalo pake. Bodza limangoboola kadzenje mumpanda, kokwana munthu mmodzi, ndipo mnzako amene sadziwa kunama amatsala mkati, akulemba lipoti pakati pa usiku, ndipo mawa amachulidwa monga citsanzo ca wanchito wodzipereka.

Ndinayesapo kunena mau oonawo. Ndinayankha a hedi m'mawa mwake, mwaulemu wonse, kuti nchito ya sukulu ndimaiona kuyambira 7 koloko. Sanandicotse nchito. Anangosiya kundipatsa moni kwa milungu iwiri, ndipo temu yotsatira ndinapezeka ndi mapiriyodi ambiri kuposa anzanga. Ine ndinakwanitsa kupirira cifukwa ndili ndi digiri, ndilibe ana, ndipo masamu amene ndimaphunzitsa amafunidwa kulikonse. Mnzanga wa ku Stage 2 ali pa kontilakiti ya miyezi 6, amasunga amai ake ndi ana awiri a malemu mkulu wake. Coonadi cimene ine ndinagula ndi moni wa milungu iwiri, iye angacigule ndi thumba la unga. Sindingaimirire pa cidunu canga ndi kumuuza kuti alimbe mtima.

Ndiye cifukwa cake maiko ena anaona kuti kulimba mtima kumeneku sikuyenera kusiyidwa pa phewa la munthu mmodzi. France kuyambira 2017, Portugal mu 2021 ndi Australia mu 2024 anaika malamulo oteteza wanchito ku mafoni a bwana pambuyo pa maola a nchito. Koma ngakhale popanda Nyumba ya Malamulo, aphunzitsi 20 atagwirizana kuti gulu la WhatsApp la sukulu limagona 18 koloko, palibe hedi amene angawamane moni onse.

A hedi anganso ndimawamvetsa pang'ono. Makolo amene alipira fizi yokwera amawaimbira usiku, eni sukulu amawaimbira m'bandakuca. Koma akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amalipidwa kuposa ife kuti moto wa makolo uzimire pa iwo, osati kuti aukolezere ndi kuutumiza m'zipinda zathu zogona.

Mnzanga uja ndinamuyankha kuti sindimuona ngati wocimwa, koma kuti pothawira pake ndi pobwereka. Sanatsutse. Anandionetsa uthenga umene unabwera pa gulu la kunchito kwao mlungu womwewo: kampani yaganiza zogulira wanchito aliyense ka sola ndi batire, kuti malaiti asasokonezenso nchito. Pansi pake anzake onse anali atalemba kale kuti zikomo kwambiri, bwana.