Belu la M'mawa pa Nthawi ya Nkhondo

Munthu wodzera pa msewu wa ku Likuni dzuwa litangotuluka amaona ana a ku Chinsapo akuthamangira ku sukulu. Belu likalira onse amaima pamizere pabwalo, napemphera, naimba nyimbo ya fuko, ndipo mphunzitsi wamkulu amawalankhula. Msonkhano umenewu, umene ana amautcha asembule, ndi waufupi ndithu, koma ndipo pamene mwana amamva zimene akulu amaziyesa zazikulu. Tsono kukakhala nkhondo, kodi mphunzitsi anene chiyani pabwalopo?

Funsoli si lachilendo m'dziko muno. Sukulu yoyamba ya sekondale, ya ku Blantyre, inatsegulidwa m'chaka cha 1940, Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ili mkati, ndipo ya Akatolika ku Zomba inatsatira mu 1942. Anyamata amene analowamo anali owerengeka, pamene anzawo ambirimbiri analembedwa usilikali wa Keyala, nakamenya nkhondo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Nyimbo ya fuko masiku amenewo inali yopempherera Mfumu George VI ya ku England. Mnyamata woima pamzere akanatha kudzifunsa ngati si manyazi kugwira cholembera pamene mbale wake wasenza mfuti.

Ngakhale masiku ano nkhondo imafika pabwalo la sukulu, chinkana mfuti zikulira kutali. Mu November 2018 asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni m'dziko la Congo, kumene anapita kukasungitsa mtendere, ndipo mu January 2025 atatu ena anafera komweko ku Congo. Popeza Kamuzu Barracks ili mu Lilongwe momwemo, pamizere ya sukulu za mumzindawu pamaimanso ana ndi adzukulu a asilikali.

Ena amati mphunzitsi angokhala chete, pakuti mwana ndi mwana. Koma mwanayo wamva kale pa wailesi, pamsika ndi pamaliro. Akafika pabwalo n'kumva za kusesa ndi za ochedwa zokha, amaphunzira kuti imfa ya bambo wa mnzake ndi yochepa kuposa zinyalala.

Choopsa chachikulu chili mbali ina, ndicho kutamanda nkhondo. Mnyamata wa zaka 16 amakondwa kuuzidwa kuti ndi mwamuna, ndipo mawu a ulemerero amamlowa msanga monga madzi mumchenga. Komanso pa asembule mwana sayankha. M'kalasi angathe kukweza dzanja nafunsa. Pabwalo amaima chilili, manja ali kumbuyo, ndipo chimene chanenedwa chimatsatana ndi pemphero, kotero kuti chimamveka ngati choyera. Wolankhula pamalo otere ali ndi mphamvu yoposa imene iye mwini aidziwa. Akauza ana kuti kufa pankhondo n'kokoma, wanena chinthu chimene mkazi wamasiye sangavomereze. Ndipo kawirikawiri wonenayo ndi munthu amene sadzapita ku nkhondoko. Mu 1914 Mbusa John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera nkhondo imene si yawo, nasiya amasiye. Boma la nthawiyo silinafune kuti mawuwo amveke. Mwana wa sekondale ndi wamkulu mokwanira kumva funso lotere ndi kulilingalira yekha.

Chimene chimuyenera mphunzitsi ndicho kunena zoona popanda kuzikometsa: kuti asilikaliwo anapita kuti, anatumidwa ndi yani, ndi kuti afa angati. Alemekeze akufawo, pakuti kulemekeza msilikali si kuyamika nkhondo. Aimitse sukulu yonse chete kamphindi, kuti mwana woferedwa aone kuti anzake adziwa. Mafunso onena za chilungamo cha nkhondoyo awasiyire m'kalasi, mmene mwana ali ndi ufulu wotsutsa.

Nanga manyazi a mnyamata uja wogwira cholembera? Amenewo mphunzitsi asawasonkhezere. Sukulu ya ku Blantyre ija inadzaphunzitsanso Henry Chipembere, mmodzi wa amene anatsogolera dziko lino pofuna ufulu wodzilamulira, umene unadza mu 1964. Ndipo msilikali amene ali kutali, akafunsidwa chimene afunira mwana wake m'mawa umenewo, n'zokayikitsa kuti angatchule mfuti.