Njinga ndi maina ake

Mawu oti njinga makolo athu anali nawo kale asanaone yokwera. Njinga kanali kachipangizo kopotera thonje, kamtengo kokhala ndi kagudumu, kamene ankakazunguza mpaka ulusi utapotedwa. N'chifukwa chake mu Buku Lopatulika, magudumu amene Ezekieli anaona m'masomphenya akutchedwa njinga. Tsono chitsulo cha azungu chitatulukira, maso a agogo anagwera pa kuzungulirako, dzina n'kukhala lomwelo. Kuyendetsa kwake anati n'kupalasa, monga achitira ndi bwato, ndipo ya injini itabwera anaitcha yamoto.

Anzathu ena anangobwereka. Aswahili amati baiskeli, Ashona bhasikoro, onse kuchokera ku bicycle wa Angerezi, amene iwo anangowerenga magudumu: bi n'Chilatini kutanthauza ziwiri, kyklos n'Chigiriki, chozungulira. Ya gudumu limodzi, yomwe amaonetsera luso m'zisudzo, n'kuitcha unicycle. Afalansa anachita chidwi ndi liwiro, anati vélocipède, phazi lothamanga, lero amangoti vélo. Ku Poland amati rower, potengera njinga ya Rover imene John Kemp Starley anapanga ku Coventry mu 1885. Boda-boda ya ku Uganda inabadwira m'kukuwa kwa anyamata oitanira anthu pamalire a Busia. Atchaina ndiwo anaonjeza, poti zìxíngchē wawo atanthauza choyenda chokha. Kauzeni zimenezo wakabaza wa ku Chilinde amene wanyamula mayi, mwana kumbuyo ndi thumba la chimanga, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta!

Ambiri mwa mainawa akutchula gudumu, phazi, liwiro, kampani. Palibe limene likutchula chimene chimamugwira munthu kuti asagwe. Mudzayang'anitsitse bambo wamakala akulowa mu Chilinde m'mamawa, matumba atasanjikizana kupitirira mutu wake. Chiwongolero sichikhala phee. Chimanjenjemera kumanja, kumanzere, pang'onopang'ono, ndipo njingayo ikati ipendekere uku, manja akhotera kale komweko mwini wake asanaganize n'komwe. Njingayo mutaiimika yokha popanda chotsamira, nthawi yomweyo khu! pansi.

Chinsinsi Namalenga anachibisa m'kati mwa khutu. Khutu lililonse lili ndi timachubu titatu topindika, todzaza timadzi, tonse pamodzi tosaposa chikhadabo. Mutu ukapendeka, timadzito timakankha titsitsi tosaoneka ndi maso, uthenga n'kuthamangira ku ubongo, ubongo n'kulamula mikono ndi chiuno. Tinthu timeneti tinalipo m'mutu wa munthu zaka zosawerengeka Karl von Drais asanayese njinga yake yamatabwa ku Mannheim mu 1817, ndipo yakeyo inalibe ngakhale zopalasira. Amisiri anasula chitsulo, koma wokwerayo anamupeza atakonzedwa kale. Ine pamenepa ndimangogwira pakamwa.

Mukadzatsika pa kabaza, musamangoyamikira mabuleki ndi matayala. Yamikaninso Amene anaumba khutu la wopalasayo, ndipo mumulipire mnyamatayo mosanyinyirika.